Tsiku Limene Konkire Wanga Anakwera Matola

Chaka chija mafuta a galimoto ankasowa m'dziko muno, ine ndinali m'chaka chachitatu cha maphunziro a uinjiniya wa misewu ndi milatho. Sukulu inatimwaza m'makampani kuti tikaphunzire ntchito ndi manja, atachimenti amene aja. Anzanga anathamangira maofesi a m'tauni okhala ndi mafani. Dzina langa linagwera ku Tsangano, kumapiri a Ntcheu, kumene kampani ina yaing'ono inkamanga kamlatho pa mtsinje wolekanitsa minda ya kachewere ndi msika. Amayi atamva anada nkhawa ndi kuzizira kwa kumeneko. Ine ndinakondwa mpaka chisoti cha ntchito ndinkagona nacho pafupi ndi pilo.

Tsiku lothira konkire wa pamwamba pa mlathowo, abwana injiniya anandisiyira ine kuyang'anira kasakanizidwe. Ndinaima pamakina kuyambira m'mawa, maso ali pa mawilibala a mchenga ndi kwale, ndikukangana ndi azibambo amene ankafuna kuwonjezera madzi kuti fosholo ipepuke. Pofika madzulo mawu anali atandithera. Pa konkire yemweyo tinatapako pang'ono n'kuthira m'zikombole zitatu zachitsulo. Zouma zake zimatuluka ngati timabokosi ta mwala, toti ungafumbate ndi manja awiri koma kulemera ngati mwana wokwawa. Timati makyubu. Amakhala m'madzi mpaka tsiku la 28, ndipo tsiku limenelo, osati mawa lake, amakawaphwanya pamakina ku labu kuti aone ngati konkire analimba. Akalephera, mlatho sautsegula, mwina amaugumula kumene. Wathuwo unali wotsekedwa ndi migolo mbali zonse, mvula ili pafupi, ndipo wosakaniza konkire wake ndinali ine Tadala.

Tsikulo litakwana, galimoto ya kampani inali pamzere wa mafuta ku boma, ndipo abwana anali ku Lilongwe. Anandiimbira kusanache bwino.

"Tadala, makyubu atatu aja afike ku Blantyre lero labu isanatseke. Asaume, asabenthuke. Ukwere chilichonse chimene chili ndi matayala."

Ndinayankha ndi mawu aulemu, koma foni itaduka ndinalumpha m'chipinda mpaka eni nyumba anagogoda kufunsa ngati mwalowa njoka. Ulendo woyamba wa ntchito, ndekha, wonyamula mlatho wonse m'ndowa!

Kapitawo wathu, a Ngozo, bambo wachikulire amene unyamata wake anathera ku migodi ya ku Joni, anandithandiza kulongedza. Kyubu iliyonse tinaikulunga m'chiguduli chonyowa, pakati n'kuthira utuchi wonyowa, zonse m'ndowa yaikulu yapulasitiki. Atamaliza anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A injiniya, mwati mupita ku Blantyre ndi gumbutsi, chisoti ndi jekete lowalali?"

"Bambo, nanga anthu adziwa bwanji kuti ndili pa ntchito?"

"Adziwa ndithu," anatero, uku akuluma mlomo kuti asaseke. Ndowa ija anandinyamulira mpaka pamsika.

Galimoto yokhayo yotsika ku msewu wa tala m'mawa umenewo inali kalole kodzaza matumba a kachewere ndi kabichi, anthu n'kukhala pamwamba pa katundu. Wothandizira dalaivala anali bambo wamfupi wa mapewa aakulu, wotchedwa Sikelo chifukwa katundu aliyense ankamuyeza ndi dzanja limodzi asanatchule mtengo. Anagwira ndowa yanga monyozera, ndowa inakana kunyamuka. Anagwiranso ndi manja awiri.

"Asisi, mwaikamo chiyani umu?"

"Miyala, achimwene."

"Miyala? Wa ku Blantyre ndi miyala? Kumeneko inatha?"

Lole yonse inafa nacho chiseko. Ndinayesa kufotokoza za labu ndi makina, koma palibe amene anamva. Sikelo anandilipiritsa ngati ndanyamula thumba la chimanga, ndowa n'kuiika kumapeto kwenikweni, pafupi ndi chitseko cha kumbuyo. Ndinakhala pambali pake.

Kenaka tinadikira. Dizilo anali asanabwere. Ankachokera tsidya la malire pa njinga, m'zigubu, ndipo wanjingayo akuti anali "pafupi". Dzuwa linakwera, chifunga chinachoka m'mapiri, wanjinga adakali pafupi. Ine maso pa wotchi. Ndinatsegula ndowa n'kuyamba kuwaza madzi pa ziguduli. Mayi wina wonenepa amene anakhala moyang'anana nane, nkhuku ili pamwendo, anandiyang'anitsitsa kwa nthawi. Anali a Nangondo, ankapita ku Lunzu kukaona mwana wawo amene anali atangochira kumene.

"Mwanawe, miyalayo imamwanso madzi?"

"Imamwa, mayi. Ikauma imafooka."

"Ha! Tonse tili pa ulendo wa chikuta basi," anatero. Kuyambira pamenepo tinakhala pa chinzake, ndipo anandigawira chinangwa chophika.

Dizilo atafika tinanyamuka ndi phokoso ndi utsi. Msewu wa kumeneko unali wafumbi, wokhotakhota, pena umayenda m'malire enieni, dzanja ili Malawi dzanja ilo Mozambiki. Zokongola za m'njira musandifunse, ine ndinkangoona ndowa. Pa bampu iliyonse ndinkaigwira ndi manja awiri.

Titawoloka kakhwawa kena tinayamba kukwera chitunda chachitali. Lole inabuula, inabuula, dalaivala anafuna kusintha giya, giya inakana. Injini inazima. Kwa kamphindi kunangoti zii. Kenaka tinamva kuti tikubwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, kulunjika kukhwawa kuja.

"Mwala! Mwala! Sikelo, mwala!" dalaivala anakuwa.

Aliyense woyenda pa matola a kumapiri amadziwa kuti mabuleki enieni a galimoto zimenezi ndi mwala umene wothandizira amayenda nawo, woti aponye kuseri kwa tayala. Wa Sikelo unali utatsala pamsika paja, pamene tinatsamiritsa lole podikira dizilo. Anadumpha, anayang'ana uku ndi uku, m'mbali mwa msewu munali udzu ndi dothi lokhalokha. Amayi anayamba kuitana Yesu, nkhuku ya a Nangondo inaulukira pa matumba a kabichi. Ndowa yanga inali chitsegulire, pamphuno pake penipeni. Ndinangoona dzanja lalowa, chiguduli chagwa, kyubu yanga yapita pansi pa tayala.

"Ayi! Imeneyo ayi!"

Tayala linakwera pang'ono, linalira, lole yonse inagwedezeka. Kenaka inaima nji.

Anthu anatsika, ena kugwada pamsewu pomwepo. Ine ndinatsika ndi ukali woti ndikamudye Sikelo wamoyo. Koma nditawerama n'kuona kyubu ija, ukali unathawa. Inali yathunthu. Lole yodzaza kachewere, kabichi ndi anthu inali itatsamira pa konkire wanga, konkire ali phee. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinavula chisoti n'kuyamba kuvina pakati pa msewu ndi gumbutsi zanga.

"Konkire wanga ameneyo! Ndinasakaniza ine! Ndi manja angawa!"

A Nangondo anaimba nthungululu, ena anawomba m'manja, ndipo bambo wina amene anandiseka kwambiri pamsika paja anabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri.

Chimwemwe chinatha pamene amuna anakankha lole, injini n'kulira, Sikelo n'kundibweretsera kyubu ija. Ngodya imodzi inali itabenthuka, mbali ina yakuda ndi mphira wa tayala. Kyubu yotere ku labu saiyang'ana kawiri. Ndinakwera pachulu kusaka netiweki, foni ikungogwira ya ku Mozambiki n'kumandilonjera m'Chipwitikizi, mpaka ndinawapeza abwana. Ndinawafotokozera zonse.

"Palibe wavulala?"

"Palibe, bwana."

"Chabwino. Awiri akhoza kulandira ukafotokoza bwino. Imodzi sangalandire. Wandimva, Tadala? Ikawonongeka inanso, mlatho uja sutsegulidwa chaka chino."

Ndinatsika pachulu paja ndili munthu wina. Ndowa ndinaitseka, n'kuikhalira mpaka pa Tsangano Turn-off, pamene fumbi limakumana ndi tala.

Potsika, Sikelo anandiyandikira akukanda m'mutu.

"Asisi, pepani kwambiri. Koma poti yawonongeka kale, simungandisiyire? Chiyambire ntchitoyi sindinaone mwala wogwira tayala chonchi. Wa ngodya zake, sugubuduka."

Ndinafuna kukwiya, koma kunena zoona mawu amenewa anandikoma kuposa malikisi onse amene ndinapatsidwapo kusukulu. Ndinamupatsa. Anaipukuta ndi malaya ake n'kukaiika kutsogolo, pafupi ndi dalaivala.

Pa Turn-off tinapeza minibasi ya ku Blantyre yooneka ngati yatsala anthu awiri kuti idzaze. Ine ndi a Nangondo tinathamangira. Titangokhala, anthu anayi anatsika mmodzimmodzi n'kukaima pamthunzi. Anali ongokhalira mipando kuti ikope anthu. Tinadikiranso, ogulitsa tomato ndi anyezi akutilowetsera mabeseni m'mawindo. Mtengo unali utakwera kawiri chifukwa cha mafuta, ndipo kondakitala anafuna ndowa ipite kubuti, pansi pa matumba ndi tayala lapadera.

"Iyi ikhala pamwendo panga."

"Sisteri, ndowa pamwendo mpaka ku Blantyre? Muli ndalama?"

"Muli mlatho," anayankha a Nangondo. "Iwe tseka chitseko tizipita, ndikuuza m'njira."

Ndipo anauzadi, osati kondakitala yekha koma minibasi yonse. Pa boma la Ntcheu nkhani inali idakali yoona. Pamenepo ndinaona galimoto ya kampani yathu pamzere wa mafuta, dalaivala wake akusewera bawo pansi pa mtengo. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kumukuwira kuti makyubu ali ndi ine, iye anangoimika dzanja osandizindikira. Pofika pa Nsipe, lole ya m'nkhani ya a Nangondo inali itanyamula anthu ochuluka kuposa basi, khwawa lija litasanduka phompho. Pa Kampepuza ndinali nditadumpha ndekha n'kuponya mwalawo ndi dzanja limodzi. Ndinayesa kukonza, anandigwira pakamwa.

"Khala chete iwe, unali ndi mantha sunaone bwino."

Kunayamba kutentha pamene tinkatsika kumapiri. Pa Nsipe ndinali nditagula madzi ozizira a m'timajumbo, wogulitsa n'kudabwa kuona ndikuboola ndi mano n'kuthira m'ndowa, ine osamwako. Miyendo inachita dzanzi, thalauzi linanyowa ngati ndadzikodzera, koma mtima unali m'malo. Wotchi inkati tikafika nthawi ilipo.

Titangodutsa Chingeni, pafupi ndi Manjawira, tinamva phuu! Minibasi inayenda mokhotakhota n'kukaima m'mbali, pamchenga. Tayala lakumbuyo linali litaphulika. Tinatsika tonse, ine ndi ndowa yanga. Kondakitala anatulutsa jeke, anaipukusa, jeke m'malo mokweza galimoto inkangomira mumchenga. Dalaivala anapukuta thukuta.

"Pakufunika chinthu cholimba, chafulati, choti tiike pansi pa jekeyi."

Sindinaonepo mitu ya anthu ikutembenuka pamodzi ngati tsiku limenelo. Onse, ndi ana omwe, maso pa ndowa.

Ndinaikhalira.

Bambo wina wa jekete ndi tayi, amene njira yonse ankawerenga nyuzipepala, anabwera mwaulemu wake.

"Chemwali, tamva kuti ku Tsangano mwapulumutsa anthu ambirimbiri. Nanga ife si anthu?"

"Ndinu anthu, bambo, koma iyi ayi."

"Tingobwereka. Tibweza."

"Uja wa ku Tsangano anabwerekanso."

Ena anayamba kung'ung'udza kuti ana a sukulu amadzimva, ena kuti mwala ndi mwala. Ndinayang'ana a Nangondo ndi diso lakuti mwaona zimene yachita nkhani yanu? Iwo anapatsira mwana wina nkhuku, anamanga chitenje m'chiuno n'kuima patsogolo panga, manja m'chiuno.

"Amene akufuna ndowa iyi ayambe wanyamula ine. Amuna onsewa, ndevu pepeya, mukulephera kupeza mwala m'dziko la Malawi, mpaka mulande wa mwana wamkazi? Kwathu ngolo zimamira mumtsinje uja chaka ndi chaka. Mlatho umenewu ndi wanga. Pitani uko!"

Anapitadi. Kondakitala anabwera ndi njerwa ziwiri zochokera pa chigumula china. Anaika jeke, anapukusa, galimoto inakwera pang'ono, njerwa zinangoti fwaa, ufa. Mitu inatembenukanso. Ine ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo. Anabweretsa zina, nazonso chimodzimodzi. Ndinkafuna kulira chifukwa dzuwa linali litapendeka, komanso chiseko chinkandikankha m'mimba, moti ndinaluma kolala ya jekete langa. Pamapeto pake mayi wina wogulitsa nkhuni anatibwereka chipika, tayala linalowa, tinanyamuka. Bambo wa tayi uja sanandiyang'anenso mpaka pa Phalula, pamene anandipatsa nthochi.

Pa Zalewa wapolisi anasuzumira pawindo n'kuloza ndowa.

"Muli chiyani umo?"

"Mlatho!" inayankha minibasi yonse.

Anati nditsegule. Anakweza chiguduli, anaona tsiku limene ndinalemba ndi msomali pa konkire, anayang'ana chisoti changa, n'kubweza chiguduli bwinobwino monga anachipezera.

"Pitani, a injiniya."

Aka kanali koyamba munthu wosandidziwa kunditchula choncho mopanda nthabwala. Ndinamwetulira kuchokera pa Shire mpaka pa Lirangwe, masaya kuwawa.

A Nangondo anatsika pa Lunzu. Anaika dzanja pa chivundikiro cha ndowa, anatsinzina n'kupemphera mwachidule kuti miyala ya mwanayu ikakhoze mayeso. Anthu anati amen, ndi kondakitala yemwe.

Mu Blantyre ndinatsika nthawi itatsala pang'ono kwambiri. Ndowa sinkanyamulika ndi dzanja, miyendo inali isanadzuke. Ndinavula jekete lowala lija, ndinalipinda nkhata, mayi wina wogulitsa mandasi ananditwika. Ndinadutsa m'tauni chothamanga, ndowa pamutu, chisoti m'manja, gumbutsi zikulira phwa phwa, madzi akutsikira m'khosi. Mnzanga wina wa m'kalasi, wa ofesi ya fani, anandiona ali tsidya la msewu n'kutsegula pakamwa. Ndinamukuwira kuti tionana, ndili pa ntchito.

Ku labu ndinapeza bambo woyesa makyubu akuvula kale chovala chake cha ntchito. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ana ine, n'kuvalanso. Anatulutsa makyubu, anawapukuta, anawatembenuza mbali zonse kuyang'ana ngodya.

"Awiri? Yachitatu ili kuti?"

"Yayamba ntchito pa matola a ku Tsangano, bambo."

Nditafotokoza anaseka mpaka kukhala pampando, kenaka analemba zonse monga zinachitikira. Anayeza kulemera kwake, anaika yoyamba pakati pa zitsulo ziwiri za makina, n'kuloza nambala ina pa geji.

"Muvi ukadutsa apa, mwakhoza. Ukaima usanafike, mukagumule."

Makina anayamba kung'ung'uza. Muvi unanyamuka mwaulesi. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndinakumbukira madzi onse amene azibambo aja mwina anawonjezera ine nditatembenuka. Muvi unayandikira chala cha bambo uja, unachita ngati ukuganiza, unadutsa, n'kumapitabe. Kenaka kyubu inalira, inang'ambika m'mbali, zidutswa n'kugwa pansi.

Ndinadziwa kuyambira kale kuti ndikuwapititsa kokaphwanyidwa, koma zinandiwawa ndithu. Tsiku lonse ndinawamwetsa madzi, kuwafungatira, kudana ndi anthu chifukwa cha iwo. Yachiwiri itadutsanso n'kuphwanyika, misozi inatsika uku ndikuseka, ndipo bambo uja anandipatsa kansalu kopukutira makina poti china panalibe.

Ndinaimbira abwana. Anapuma mpweya wautali n'kunena kuti ndiwauze a Ngozo achotse migolo. Ndinakhala pakhonde la labu, ndowa yopanda kanthu pambali, n'kuimbira a Ngozo.

"Bambo, walimba! Konkire walimba! Abwana akuti chotsani migolo!"

"Mwati walimba, a injiniya? Ambuye alemekezeke." Anakhosomola pang'ono. "Ndiye poti walimba, ndikuuzeni. Eni ngolo akhala akudutsapo sabata yonseyi, m'bandakucha. Amasuntha migolo, akawoloka n'kubwezera. Ndinawaletsa, ndinatopa. Ndowe ndimakolopa ndekha inu musanafike."

Ndinagwira kumutu. Ngolo zodzaza kachewere, ng'ombe, anthu, pamwamba pa konkire amene palibe ankadziwa ngati walimba! Ndinaiwala zoti ndili pa foni.

"A injiniya, mulipo?"

"Ndilipo, bambo."

"Musadule. Pali ina ikubwera apa, kunja kukuwala ndithu, yoyamba yololedwa. Tamverani."

Ndinamva migolo ikugubuduzidwa, ana akukuwa, munthu akuimbira ng'ombe likhweru. Kenaka ziboda zinayamba kugunda pa konkire, go, go, go, matayala akulira pambuyo. Mayunitsi anga anali pafupi kutha. Ndinakanikiza foni kukhutu ndi manja onse awiri, ndipo ndinawapempha a Ngozo kuti asalankhule mpaka ngoloyo itafika tsidya.